Madisiki a Mabuleki: Tigule Orijino Kapena a Makampani Ena?

Makaniko akakuuzani kuti madisiki a mabuleki atha, chimene chimayamba kubwera m'mutu ndi ndalama. Mukafunsa kukampani imene imagulitsa mtundu wa galimoto yanu, akutchulirani mtengo woti mukhale kaye pansi. Mukatsikira kumsika wa masipeya, kaya ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Malangalanga ku Lilongwe, mupeza madisiki a mitundu itatu kapena inayi, onse onyezimira mofanana, mitengo yake yotalikirana kwambiri, ndipo wogulitsa aliyense akunenetsa kuti akewo ndiye enieni. Kunyumba nako fizi ya ana ikudikira, feteleza sanagulidwe. Ambiri a ife timangotola a mtengo wa pakatikati n'kumapita, osadziwa kwenikweni chimene tanyamula.

Mwina wina adabwa kuona nkhani ya zitsulo m'magazini ya zaumoyo ndi za pakhomo. Koma galimoto ya banja ndi imene imatenga ana kupita nawo kusukulu, ndi imene timailiza pakati pa usiku matenda akagwa pakhomo, ndiponso ndi imene timadzazamo abale popita kumaliro kumudzi. Anthu onsewa amadalira zitsulo ziwiri zozungulira, zazikulu ngati mbale ya nsima, zimene zili kuseri kwa matayala akutsogolo. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono zochokera ku Japan madisiki amakhala kutsogolo kokha, kumbuyo kumakhala madiramu.

Disiki imazungulira limodzi ndi tayala. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha mapadi awiri amene amaipana mbali iyi ndi iyo. Kukhulana kumeneko ndi kumene kumaimitsa galimoto, koma mphamvu ya liwiro lija sikuti imangozimirira ayi, imasanduka kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 imene ikuthamanga makilomita 100 pa ola, ikaima mwadzidzidzi imatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira pafupifupi lita imodzi ndi theka, ndipo zimenezi zimachitika m'masekondi atatu kapena anayi okha. Gawo lalikulu la kutenthako limagwera madisiki akutsogolo, chifukwa poima kulemera kwa galimoto kumathamangira kumaso. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi.

Tsono taganizirani mitsetse ya kwathu kuno. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Chikwawa msewu umatsika pafupifupi mamita 900. Kuti galimoto yomwe ija itsike bwinobwino osathawa, iyenera kutaya mphamvu yoposa ya kuima mwadzidzidzi kuja maulendo 20. Ina imathera mumphepo, ina m'injini ngati dalaivala ali pa giya yotsika, koma akamatsika phazi lili pa buleki njira yonse, yambiri imalowa m'madisiki. N'chimodzimodzi pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, pa Chiweta ku Rumphi, ngakhale pochokera ku Ku Chawe paphiri la Zomba. Ntchito yeniyeni ya disiki ndi kumeza kutentha kumeneku n'kukutaya msanga, popanda kung'aluka kapena kupindika. M'tauni, pa liwiro la makilomita 40, disiki yabwino ndi yoipa zimagwira mofanana, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amati zonse n'zimodzi. Kusiyana kumadzaonekera pa kona yachisanu ndi chitatu ya mtsetse, galimoto itadzaza.

Tiyambe ndi mawu akuti orijino, pakuti amasokoneza ambiri. Makampani opanga galimoto sapanga okha chipangizo chilichonse. Zambiri amaitanitsa kwa makampani ena amene ntchito yawo ndi imeneyo basi, n'kuwapatsa miyeso ndi mtundu wa chitsulo chimene akufuna. Zipangizo zambiri za mabuleki a Toyota zimachokera ku Advics, kampani ya m'gulu la Aisin. Akebono, ya ku Japan komweko, imapangira makampani angapo a galimoto. Ku Ulaya kuli Brembo ya ku Italy, ATE ya ku Germany, TRW ndi Bosch. Disiki ya orijino ndi imene yapangidwa motsatira miyeso ya mwini galimoto n'kuikidwa m'bokosi la dzina lake. Makampani omwe aja amagulitsanso madisiki m'mabokosi a mayina awo, ndipo kawirikawiri mtengo umatsikirapo. Sikuti nthawi zonse imakhala disiki yomweyo ndendende, koma imachokera kwa anthu odziwa ntchito, amene ali ndi mbiri yoti aiteteze.

Vuto ndi lakuti chilichonse chimene sichili m'bokosi la mwini galimoto chimaponyedwa mudengu limodzi, limene pa Chingerezi amati aftermarket. Mudengu limeneli muli madisiki a makampani odziwika aja. Mulinso madisiki a makampani ang'onoang'ono oona mtima, amene amalemba dzina lawo, nambala ya chipangizo ndi dziko limene chapangidwa. Ndiye pansi pa dengu pali madisiki opanda dzina, okutidwa m'pepala la mafuta, oti ngakhale wogulitsayo sadziwa kumene anachokera. Kufunsa kuti madisiki osakhala orijino ndi abwino kodi kuli ngati kufunsa ngati chakudya chogula kumsika n'chabwino. Zimatengera kuti waphika ndani.

Kodi wopanga mwachinyengo amabera pati, popeza pamaso zonse zimaoneka zofanana? Disiki imapangidwa posungunula chitsulo n'kuchithira m'chikombole, kenako n'kuchipala ndi makina kuti chisalale. Chitsulo chake ndi cha mtundu wapadera, chokhala ndi kaboni wochuluka, amene amachithandiza kufalitsa kutentha msanga ndiponso kuchepetsa phokoso. Wofuna phindu la msanga amasungunula zitsulo zilizonse osayeza zimene zasakanikiramo, kapenanso amaziziritsa mothamanga, moti disiki imatuluka pena polimba pena pofewa. Yotereyi imadyeka mosiyanasiyana ndipo sichedwa kung'aluka ikatentha.

Pena amabera pa kulemera. Madisiki ambiri akutsogolo ali ngati mbale ziwiri zolumikizidwa ndi nthiti pakati, ndipo mpata wa pakatipo ndi wodutsa mphepo yoziziritsa. Munthu akhoza kupyapyalitsa mbale ziwirizo n'kukulitsa mpatawo, kapena kuchepetsa nthiti, koma mukayeza kunja muona kuti disiki ndi yokhuthala mofanana ndi yeniyeni. Chitsulo chikachepa, malo osungira kutentha achepanso, ndipo disiki imapsa msanga. Apa pali mayeso amene aliyense angathe kuchita. Tengani disiki yakale ija popita kogula. Nyamulani yakale kudzanja ili, yatsopano kudzanja ilo, kapena pemphani sikelo. Yakaleyo yadyeka kwa zaka, kotero yatsopano iyenera kuiposa kulemera. Ikakhala yopepuka kuposa yakutha, ibwezeni pa shelefu. Suzumiraninso m'mphepete muwerenge nthiti, ndi kuona ngati mbale ziwirizo zikufanana makulidwe kuzungulira konse.

Choopsa kuposa disiki yopanda dzina ndi disiki yovala dzina la eni. Pali mabokosi osindikizidwa bwino, okhala ndi chizindikiro cha kampani yotchuka, koma m'kati muli chitsulo cha pansi pa dengu chija. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula disiki yopanda dzina amadziwa kuti wagula yotchipa ndipo mwina amayendetsa mosamala. Wogula feki walipira ndalama zambiri, ndipo amatsika phiri mtima uli m'malo. Chipangizo cholembedwa kuti orijino chikamagulitsidwa pa theka la mtengo wa kukampani, ife timayamba kukayika tisanatsegule n'komwe bokosi. Zilembo zofufutika, mawu olembedwa molakwika, ndiponso disiki yopanda nambala iliyonse yodindidwa pa chitsulo penipeni, zonsezi ndi zizindikiro zoti mutuluke. Wogulitsa wokana kulemba lisiti yokhala ndi dzina la chipangizo ndi nambala yake wakuuzani kale zimene akudziwa.

Pali chizindikiro china chothandiza. Ku Ulaya kuli lamulo la bungwe la United Nations lotchedwa ECE R90, limene limafuna kuti zipangizo za mabuleki zolowa m'malo mwa za orijino ziyesedwe kaye kuti zione ngati zikugwira mofanana nazo. Linayamba ndi mapadi, ndipo kuyambira mu Novembala 2016 linafikanso pa madisiki ndi madiramu a galimoto zing'onozing'ono za mitundu yatsopano. Disiki yovomerezeka imadindidwa nambala yokhala ndi zilembo za 90R. Mukaziona pa chitsulo ndi pa bokosi, ndi umboni wabwino. Koma tisachitenge ngati chiphaso chosalephera. Wokopera bokosi akhoza kukoperanso chidindo, ndipo disiki yabwino yopangidwira msika wa ku Japan ikhoza kukhala yopanda chizindikirochi chifukwa lamulolo si lakwawo.

Pamene orijino imapambana mosakayikitsa ndi pa nkhani ya kukwana. Galimoto zathu zambiri zinabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo dzina limodzi limabisa mitundu yambiri. Toyota Vitz ya m'badwo wachiwiri ilipo ya KSP90 ya injini ya lita imodzi, ya SCP90 ya malita 1.3, ndi ya NCP91 ya malita 1.5, ndipo m'mayiko ena galimoto yomweyo imatchedwa Yaris. Corolla yopangidwa ku Durban siyenera kuganiziridwa kuti ndi yofanana pa chilichonse ndi Corolla ya ku Japan. Madisiki amatha kusiyana kukula, makulidwe, kutalika kwa chipewa cha pakati ndi kuchuluka kwa mabowo. Kukampani amafufuza ndi nambala ya chasisi, ndiye amakupatsani yoyenera. Kumsika nthawi zambiri amangofunsa kuti, "Ndi ya Vitz, bwana?" n'kutsitsa imene ili pafupi. Disiki yocheperako pang'ono imatha kulowa bwinobwino, koma mapadi amatsala kunja m'mphepete osagwira chitsulo. Choncho kulikonse kumene mukagule, nyamulani nambala ya chasisi yonse, ili pa bulubuku ndi pa kachitsulo ka pathupi la galimoto, ndipo muyerekeze yatsopano ndi yakale musanalipire. Makaniko akayamba kunena zoti apale pang'ono kapena aike mawashala kuti ikwane, dziwani kuti si yake.

Maganizo athu ndi awa. Galimoto ikakhala yatsopano ndipo idakali pa galanti, gulani orijino, muike kumene pepala la galanti likunena. Ikakhala ya mtundu wosowa, kapena muli kudera kumene simungatsimikize kuti katundu wa m'sitolo wachokera kuti, orijino ya kukampani ndi mtendere wa mumtima, ngakhale ikhale yowawa m'thumba. Koma pa galimoto wamba ya banja imene yayenda zaka khumi kapena kuposa, disiki ya kampani yodziwika, yogulidwa kwa wogulitsa wokhazikika amene amapereka lisiti, ndi yokwanira ndithu, ndipo palibe chifukwa chodziimba mlandu kuti mwaika banja pachiswe. Chimene timakana ndi chitsulo chimene wochipanga sakudziwika. Chikakanika, palibe woti mumufunse, ndipo malo amene chimakanikira si oti munthu n'kubwerako kudzadandaula.

Nanga madisiki a kaunjika, ochotsedwa pa galimoto zophwasula? Ambiri amawakonda ponena kuti ndi orijino ya ku Japan, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma disiki ili ndi malire ake. Pa chipewa chake kapena m'mphepete pamadindidwa zilembo za MIN TH ndi nambala, kutanthauza makulidwe otsiriza amene disikiyo ingagwire nawo ntchito. Kusiyana kwa yatsopano ndi yakutha kumakhala kochepa modabwitsa, kawirikawiri mamilimita awiri kapena atatu okha. Ya mamilimita 22 ikafika pa 20 kapena 19, malinga ndi mtundu wake, yatha. Diso silingaone zimenezi, makamaka chifukwa m'mphepete mumatsala mlomo wosadyeka umene umanamiza. Pamafunika choyezera, ndipo muyeze pamene mapadi amakhula, pamalo angapo. Lamulo lomweli ligwire pa kupala disiki ndi makina, kumene amakaniko amati kusikima. Si kulakwa ngati disikiyo itsale pamwamba pa malire ikatha kupalidwa. Ikatsikira pansi, mwalipira ndalama kuti akuchotsereni chitsulo chimene chikanakutetezani pa mtsetse. Disiki ya ming'alu yofika m'mphepete isapalidwe n'komwe, ndi yotaya.

Achinyamata ena amakopeka ndi madisiki obowolabowola ndi a mizere, amene amaoneka bwino kuseri kwa marimu. Pa galimoto yopitira kuntchito ndi kumunda sawonjezera kanthu kooneka, ndipo otchipa a mtunduwu amayamba ming'alu pa mabowo omwewo. Amene ali ndi phindu ndi opakidwa zoteteza dzimbiri, makamaka kwa okhala kunyanja kapena amene galimoto yawo imakhalitsa osayenda m'nyengo ya mvula.

Ndalama zimene mwapulumutsa posagula orijino zisapite kwina, zithere pa mabuleki pomwepo. Madisiki amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere tsiku limodzi, ndipo akhale a mtundu umodzi. Kusintha mbali imodzi kumachititsa kuti galimoto izikokera kumbali mukaponda mwamphamvu. Mapadi nawo akhale atsopano, chifukwa akale anatengera kale mizere ya disiki yakale ndipo adzailemba pa yatsopano. Tikuona kuti anthu amakangana kwambiri za disiki n'kuiwala mapadi, chonsecho mapadi oipa ndi amene amayamba kufooka akatentha.

Ndiye pali kaikidwe, kamene kamawononga madisiki abwino ambiri kuposa mmene timaganizira. Chiwongolero chikamanjenjemera poponda buleki patangopita miyezi iwiri kapena itatu, timathamangira kunena kuti anatigulitsa feki. Nthawi zambiri disikiyo inalibe mlandu. Imakhala pa habu, ndipo pamalo pokhudzanapo payenera kukhala poyera ngati mbale yotsuka. Kadzimbiri kapena kamchenga kakatsalira pamenepo, disiki imakhala mopendekeka pang'ono, ndipo pozungulira imagunda mapadi mbali imodzi ulendo uliwonse mpaka kudyeka mosiyana. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono kupendekeka kololedwa ndi pafupifupi mamilimita 0.05, kuchepa kuposa tsitsi limodzi. Makaniko wosamala amakwecha habu ndi bulashi ya waya, amatsuka mafuta oteteza dzimbiri amene disiki yatsopano imabwera nawo, amaona ngati mapini a kalipa akuyenda momasuka, ndipo manati a tayala amamanga modumphadumpha ndi sipanala yoyeza mphamvu. Pa Toyota zambiri zing'onozing'ono muyeso wake ndi 103 Nm. Mnyamata wodumphira pa sipanala ndi phazi kuti nati ilire akuoneka wakhama, koma akupinda chimene mwangogula kumene. Muli ndi ufulu woima pambali n'kumaonerera, ndiponso wopempha kuti akubwezereni zipangizo zakale ndi mabokosi a zatsopano.

Popeza tili pa tsamba la zaumoyo, tinenepo za fumbi lakuda limene limadzaza m'mabuleki. Kale mapadi ankapangidwa ndi asibesitosi, ndipo ena osadziwika kochokera akhoza kukhala nayebe. Timaulusi take tikalowa m'mapapo sititulukamo, ndipo timayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa patapita zaka zambiri. Chizolowezi chouzira fumbili ndi mpweya wa kompuresa, kapena ndi pakamwa, n'choopsa kwa makaniko, kwa ana amene akuphunzira ntchito pagalaja, ndi kwa inu amene mwaima pafupi. Fumbili lipukutidwe ndi nsanza yonyowa kapena litsukidwe ndi mankhwala ake opopera, ndipo zovala za kuntchito zisakutumulidwe m'nyumba.

Tayala likadali pansi, funsaninso za mafuta a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 230, koma akamwa madzi muyeso wake umatsika kufika cha pa 155. Akawira m'mapaipi pa mtsetse, phazi limangolowa mpaka pansi ngati mwaponda thonje, ngakhale disiki ikhale ya orijino yochokera kufakitale dzulo. Opanga galimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa disiki imodzi.

Ntchito ikatha, musanatuluke pagalaja pondani buleki kangapo galimoto ili chiimire mpaka phazi limve kulimba, chifukwa kuponda koyamba mapadi akangosinthidwa kumatha kupita pachabe. Madisiki ndi mapadi atsopano amafuna kuzolowerana. Pa makilomita 200 kapena 300 oyambirira yendani modekha, muziponda mofatsa, ndipo ulendo wa kumitsetse ndi katundu wodzaza uyambe wadikira. Mukaima pambuyo poponda mwamphamvu, musakanikize phazi pa buleki nthawi yaitali madisiki ali chitenthere, pakuti mapadi amasiya chipsera pamalo amodzi ndipo kunjenjemera kuja kumayambira pomwepo. Mukayenda makilomita 50 kapena 100, bwererani akaonenso manati a matayala.